Maphunziro a ndewu ya manja kwa aSajeni opuma ku Kawale

Anzanga alonda amene mwakhala mukundifunsa ngati n'koyenera kulipira maphunziro odziteteza ndi manja amene amachitika m'holo ina ku Kawale, ndikuti pitani, koma mudziwiretu chimene mukukagula. Ophunzitsa ndi bambo wina amene anapuma usilikali, tonse timangowatchula kuti aSajeni. Timakumana madzulo tikaweruka. Ambiri ndife alonda a m'makampani, ena ndi anyamata amene akudikira kuti Malawi Defence Force ikalengeza zolemba anthu akayese mwayi wopita ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima.

Amene akufuna mateche ouluka ngati a m'mafilimu asavutike n'kubwera. ASajeni amayamba ndi kukuthamangitsani, mapushapu, kunyamula mnzako pamsana, mpaka mpweya kuchepa. Mukatheratu mphamvu m'pamene amati tiyeni tiyambe. Chifukwa chake n'chomveka: msilikali sakumana ndi mdani atapuma bwino, amakumana naye atatopa, atavala majombo, katundu ali kumsana. Chimene sungathe kuchita utatopa ndiye kuti sunachiphunzire.

Zimene amaphunzitsa n'zochepa, ndipo ichi n'chimene ndinawakondera. Mwezi woyamba unathera pa kugwa: kugwa chagada osamenyetsa mutu, chibwano chili pachifuwa, dzanja likumenya pansi, ngati mmene amachitira a judo, masewera amene Jigoro Kano anayambitsa ku Japan mu 1882. Kenaka kudzuka msanga nkhope ili yotchingidwa. Pomenya salola chibakera kumutu, amati timafupa ta dzanja timathyoka msanga, ndipo munthu wothyoka dzanja sangagwirenso mfuti kapena chibonga. Amafuna chikhatho, chigongono ndi bondo. Nzeru imeneyi si yachilendo. William Fairbairn, amene anali wapolisi ku Shanghai, ankaphunzitsa makomando a Britain kumenya chibwano ndi chikhatho pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nayo Krav Maga, njira yomenyera ndi manja imene Imi Lichtenfeld ankaphunzitsa asilikali a Israel kuyambira mu 1948, inamangidwa pa mfundo yomweyo, yakuti munthu wamba aphunzire zinthu zochepa m'nthawi yochepa, zoti asaziiwale mantha akamugwira.

Kwa ife alonda phindu lalikulu lili pa kagwiridwe ka munthu. Amatiphunzitsa kupinda mkono, kumukhazika munthu pansi ndi kumusunga mpaka apolisi afike, osamuvulaza. Saleka kutikumbutsa kuti bondo lisakhale pakhosi kapena pamsana pa munthu amene wagona chafufumimba, chifukwa angathe kubanika n'kufa. M'dziko muno, mmene wakuba akagwidwa anthu amathamangira miyala ndi petulo, ndi chinthu chamtengo wapatali kumva munthu amene anagwirapo mfuti akunena motsindika kuti wogwidwa ndi wa khoti. Amatinso msilikali amamenya ndi manja kuti apeze mpata wobwerera ku chida chake kapena kwa anzake. Ife mpata umenewo ndi wofikira wenzulo kapena wailesi.

Chimene sindikugwirizana nacho ndi phunziro lolanda mpeni. Timagwiritsa ntchito mpeni wamtengo, mnzako amabaya kamodzi n'kuimitsa dzanja kudikira kuti uligwire. Wachifwamba sadikira, ndipo kuno amabwera ndi zikwanje, ali gulu. Ndaona anyamata akutuluka m'holomo akukhulupirira kuti angalande chikwanje ndi manja, ndipo zimandidetsa nkhawa kwambiri. ASajeni amanenadi kuti ukaona mpeni thawa ngati njira ilipo, koma amanena mothamanga, pamene kulandako amakupatsa nthawi yaitali. Zikanakhala bwino akanasinthanitsa.

Malowo nawonso ndi ovuta. Mamatiresi ndi opyapyala, pansi ndi simenti, ndipo tsiku limene anthu achuluka ena amagwera pambali. Zoteteza mano palibe, ugule wekha. Amayi alipo ochepa amene amabwera, ndipo amalimbikira kuposa enafe, koma alibe chipinda chosinthira zovala. Malipiro ndi apamwezi, osaboola m'thumba kwa munthu wolandira ngati mlonda, ndipo ukachedwa kulipira aSajeni amamvetsa. Amene muli ndi vuto la msana kapena la kuthamanga kwa magazi muwauze tsiku loyamba lomwelo, chifukwa iwo safunsa.