InputStream ya Java, nyenyezi 4 pa 5

Amene mukuphunzira Java, ndati ndinenepo za InputStream, kalasi yowerengera ma byte kuchokera mu fayilo kapena pa netiweki. Nchakale chinthuchi, chilipo kuyambira Java 1.0 ya 1996, ndipo ntchito chimagwira ndithu koma sichinyengerera munthu ayi.

read(), method yake yowerengera byte imodzi, imakupatsa int osati byte, nambala ya 0 mpaka 255, data ikatha imabweza -1, ndiye ukapupuluma kuisandutsa byte usanaone ngati ndi -1, 255 nayo imasanduka -1 basi pulogalamu yasiya kuwerenga fayilo isanathe, error osatuluka olo imodzi. Komanso FileInputStream, mtundu wa InputStream wowerengera mafayilo, payokha ukamatola byte imodziimodzi imayenda ngati kamba, ikulungeni mu BufferedInputStream yomwe imatapa ma byte 8192 kamodzi, liwiro limasintha heve.

Chondinyansa ine ndi available(), ambiri amaganiza kuti ikuwauza kukula kwa data yonse pomwe imangoyerekeza zomwe ungawerenge pompano osadikira, pa netiweki imatha kunena 0 zinthu zikubwerabe. Nyenyezi ija ndachotsera chimenechi.

Java 9 inabweretsa readAllBytes() mu 2017, yowerenga ma byte onse kamodzi, eee mpumulo, mzere umodzi zatheka, kungoti fayilo ikakhala yaikulu kwambiri memore ikutherani. Kutseka InputStream mukamaliza musavutike nako, mukaitsegulira m'mabulaketi a try, zomwe amati try-with-resources, imatsekeka yokha.

Ngati mukuwerenga mawu ikanipo InputStreamReader, yosandutsa ma byte kukhala zilembo, ndi UTF-8, njira yosungira zilembo m'ma byte, chifukwa chilembo ngati ŵ chimatenga ma byte awiri, kupanda kutero muona zizindikiro zosamveka m'malo mwa zilembo zoterezi pa sikirini.