Mayi wa saluni ya ku Chilomoni amene anakonza mng'ono wanga pa ukwati wake

Mng'ono wanga anakwatiwa mu Okutobala, ndipo komiti ya ukwati inandipatsa ine, monga mkulu wake, ntchito yoona za kumutu, kumaso ndi diresi. Ambiri amene aona zithunzi akundifunsa kuti anamukonza ndani. Dzina la saluniyo sindilitchula pano, poti pali zina zimene ndidandaule ndipo sindikufuna kumuonongera bizinesi mayi mnzanga. Ofuna nambala yake andifunse kumbali.

Saluni yake ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa magolosale ku Chilomoni, mipando iwiri ndi dilaya imodzi. Mukangoyang'ana panja simungaganize zosiyako mkwatibwi. Tinagwirizana K150,000 ya mkwatibwi yekha: kuyesera zophoda pasadakhale, kuluka, kumata wigi, zikhadabo, ndi kukhala naye mpaka kumadyerero. Woperekeza aliyense K20,000. Theka tinatumiza pa Airtel Money tsiku lomwelo. Nditadandaula kuti zakwera, anatulutsa botolo la guluu ndi mabokosi a zophoda n'kundiuza kuti amaoda kwa anthu opita ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sinatsikenso. Pamenepo ndinalibe chotsutsa.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika tsiku loyesera, kutatsala sabata kuti ukwati uchitike. Mng'ono wangayu ndi wakuda bii, khungu losalala la kwa agogo athu aakazi. Saluni ina ya m'tauni imene tinayamba kufunsako inamulangiza kuti agule mafuta oyeretsa khungu, azidzola mwezi wathunthu kuti "zophoda zikagwire". Anabwerako atakhumudwa, ndipo ine ndinapsa mtima. Mayi wa ku Chilomoniyu sanatchule n'komwe za mafuta. Anasakaniza mitundu iwiri ya zopaka kuseri kwa dzanja lake, anapaka pang'ono pachibwano ndi pakhosi, kenako anamutulutsa panja kuti aone padzuwa. Sanakhutire, anabwereranso mkati, anaonjezera yakuda. Atamaliza anamujambula ndi foni atayatsa fulashi, chifukwa akuti zophoda zina zimaoneka bwino pamaso koma pachithunzi nkhope imatuwa ngati wagwera m'phulusa. Mawu ake anali akuti, "Asisi, alamu anakufunsirani muli chonchi. Ine ntchito yanga ndi kukusalalitsani basi." Mwana uja anaseka, ndipo kuyambira pomwepo anamasuka naye.

Tsiku lomwelo anadontheza kaguluu kuseri kwa khutu kuti aone ngati sikamuyabwa. Anamuletsa kuyamba sopo kapena mafuta achilendo sabata imeneyo, ngakhale atapatsidwa ndi mnzake wa pamtima, ndipo nsidze anati azikonze Lachitatu kuti ngati patatuluka tiziphuphu tikhale titapola pofika Loweruka. Malangizo amenewa sanatilipiritse, koma ndi amene ndawafotokozera kale atsikana ena a kutchalitchi kwathu.

Lachisanu ndiye anatikhumudwitsa. Tinapangana kuti afika kunyumba ku Zingwangwa 2 koloko masana kudzaluka mizere ya pansi pa wigi ndi kuika zikhadabo. Anafika dzuwa litalowa, akuti kasitomala wina anachedwa kusaluni. Aliyense amene anakwatitsapo akudziwa kuti usiku umenewo ndi wa azakhali ndi anamkungwi. Amayi aakulu anali atabwera kuchokera ku Ntcheu, atakhala kale pamphasa kuchipinda kudikira mwana, pomwe mwanayo ali pabalaza manja ali pathebulo. Azakhali anatuluka kawiri kudzandifunsa kuti, "Kodi iwe, mwanayu timulangiza nthawi yanji?" Ndinasowa choyankha. Zikhadabozo anaika ndi mtsikana womuthandiza, mothamanga, ndipo zinali zazitali kuposa zimene tinasankha. M'mawa mwake mkwatibwi analephera kudzivala yekha ndolo, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinamatuka tili m'galimoto. Zimenezi zinandiwawa, ndipo ndinamuuza mwini saluniyo pamaso. Anapepesa osadzikanira.

Loweruka anasintha kwambiri. Anagogoda pakhomo 4 koloko m'bandakucha atakwera kabaza, zikwama ziwiri pamiyendo. Magetsi anali atazima usiku, koma iye anabwera ndi nyali ziwiri zotchaja, ndipo wigi anali ataipiringiza kale dzulo lake kusaluni, anangoinyamula pamutu wa chidole itakutidwa ndi kaneti. Asanagwire nkhope analamula kuti mkwatibwi amwe tiyi, adye buledi ndi dzira, atsuke mkamwa, avale shati ya mabatani kuti povula isadutse kumutu. Mwanayo amakana kudya, akuti m'mimba mwadzaza mantha. Mayiyo anangokhala pampando manja atapinda mpaka mbale inatha. Pambuyo pake ndinamvetsa, chifukwa kuchoka pamenepo chakudya chenicheni anadzachiona madzulo.

Mmene amamatira wigi ndinaonerera pafupi. Anapukuta pamphumi ndi sipiriti, anapaka guluu mopyapyala katatu, ulendo uliwonse kudikira kuti aume pomukupiza ndi katoni, kenako anamanga lamba wa nsalu kuzungulira mutu n'kupitiriza za kumaso. Lambayo anamasula pomaliza penipeni. Velo anaibaya ndi mapini pa mizere ya pansi, osati pa wigi, kuti wina akaponda veloyo, wigi isasunthe.

Diresi tinabwereka pa shopu ina ku Limbe, ndipo ngakhale telala analibweza m'chiuno, zipi inakanirira pakati pa msana nthawi yovala. M'chipindamo munali phokoso, wina akuti kokani, wina akuti mung'amba. Mayiyo anapempha kandulo, anakhutiza m'mano a zipi, inakwera pang'ono n'kuimanso. Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa singano yolowetsa kale ulusi woyera, anasoka kagawo kotsalako mkwatibwi ali chiimire. Ntchito imeneyi sinali pa mgwirizano wathu. M'chikwamamo ndinaonamonso mapini, Panado, pulasitala wa zithende ndi kabotolo ka madzi kokhala ndi kapaipi komwera kuti milomo isafufutike.

Operekeza sanawachitire chilungamo. Anali asanu ndi mmodzi, ogwira ntchito awiri okha, ndipo mwini wake nthawi yambiri anali pa mkwatibwi, monga zinayenera kukhalira. Atsikana anayi oyamba anatuluka bwino. Awiri omaliza anawaphoda galimoto zikuliza kale mahutala panja, ndipo mmodzi nsidze zake zinasiyana, ina pamwamba ina pansi, moti pazithunzi zapafupi zikuoneka. Ukwati umadalitsidwa 9 koloko ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, ndipo tinalowa pachipata patangotsala mphindi zochepa, ankhoswe a kuchimuna akuyang'ana mawotchi. Mayiyo amadziwa chiwerengero cha atsikanawo kuyambira tsiku loyamba, amayenera kubwera ndi munthu wachitatu kapena kutiuza kuti sakwanitsa. Madzulo anatchulanso K10,000 ya mayendedwe imene sitinakambiranepo. Ndinapereka, koma sindinakondwe nazo.

Kumadyerero ku Comesa Hall ndi kumene ntchito yake inayesedwa. Kutentha kwa Okutobala mu Blantyre mukukudziwa, ndiye muonjezere diresi lolemera, anthu odzaza holo, ndi perekaniperekani woti mkwatibwi aimirire ndi kuvina pa gulu lililonse, a kuchikazi, a kuchimuna, a kuntchito, a kwaya. Mayiyo anakhala kumbuyo kwa thebulo la akwati. Nyimbo ikatha amabwera mwakachetechete, kudinda thukuta ndi tishu mosakhula, osaunjikanso zophoda pamwamba pa thukutalo. Wigi sinatukuke m'mphepete ngakhale pang'ono. Mkwatibwi atapita kukasintha kuvala diresi lachitenje, anamutsatira, anachotsa velo, anakweza tsitsi m'mwamba n'kusintha mtundu wa pamilomo, zonse mwachangu anthu akudya. Zithunzi za madzulo ndi za m'mawa nkhope yake ndi imodzimodzi, yakuda bwino, ndipo amayi athu amangoziyang'ana mobwerezabwereza.

Kwa mkwatibwi yekha, makamaka wakhungu lakuda amene sakufuna kusandutsidwa munthu wina, mayi ameneyu ndingamuitanenso mawa lomwe. Koma zikhadabo mukaikitse Lachinayi kusaluni kwake, mwini wake alipo, Lachisanu lisiyireni azakhali. Operekeza akapitirira anayi apezereni wina wowaphoda. Za mayendedwe, nthawi yofika ndi chiwerengero cha omuthandiza mulemberane pa WhatsApp musanatumize ndalama yoyamba. Wigi musaimatule nokha kunyumba: mng'ono wanga anabwerera kusaluniko Lolemba, anamuchotsa ndi mafuta ake osungunula guluu, anamutsuka m'mutu, ndipo sanamulipiritse.