Ofsted inayeza bwanji sukulu za ku England mliri wa COVID-19 utasokoneza maphunziro?

Ofsted, bungwe loyendera sukulu ku England, inaimitsa kuyendera kwake kwa nthawi zonse mu March 2020. Kumapeto kwa chakacho oyendera ankangocheza ndi aphunzitsi aakulu nkulemba kalata, osapereka giredi yosonyeza mmene sukulu ikuchitira. Kuyendera kwathunthu kunabwerera mu September 2021, ndipo mpamene pali nkhani.

Pa manambala, bungweli linachita bwino. Mayeso a ku sekondale a GCSE ndi A level sanalembedwe mu 2020 ndi 2021, magiredi anachokera kwa aphunzitsi, choncho oyendera sanagwiritse ntchito zotsatirazo. Kujomba kwa ana pakati pa March 2020 ndi March 2021 nakonso sikunawerengedwe. Vuto lake, zotsatira zodalirika zomwe zinatsala zinali za 2019, za ana oti ena anali atachoka kale pasukulupo.

Mliri weniweniwo unkakambidwa pa foni. Ofsted imaimba kutatsala tsiku limodzi, ndipo mphunzitsi wamkulu amacheza ndi mtsogoleri wa oyendera kwa mphindi pafupifupi 90. Apa mpomwe ankafotokoza mitu imene anaidumpha, imene anaibwereza, ndi chifukwa chake. Wongoti “ana anatsalira” sankaphula kanthu. Oyendera ankafuna kumva kuti anatsalira pati, munadziwa bwanji, nanga ndalama zothandiza ana kubwezeretsa maphunziro, zija za £80 pa mwana, zinagwira ntchito yanji. Kutacha ankasankha maphunziro angapo nkuwafufuza mozama: kulowa mkalasi, kuvundukula makope, kukhala pambali pa kamwana ka zaka 6 kakuwerenga mokweza. Zonenedwa pa foni zikasemphana ndi zam'kope, kope ndilo linkamveka.

Chodandaulitsa nchakuti muyeso woyezera sukulu umene Ofsted inakhazikitsa mu 2019 sunatsitsidwe. Sukulu ya aphunzitsi ochepa, asanu ali kunyumba ndi matenda, inkayezedwa ndi ndodo yomweyo. Kupempha kuti oyendera abwere tsiku lina kunali kololedwa, makamaka pa nthawi ya Omicron, mtundu wina wa COVID-19, mu January 2022, koma chigamulo chinali cha Ofsted.

Makolo osankhira ana sukulu achenjere ndi chinthu chimodzi. Sukulu za giredi yapamwamba kwambiri sizinkayenderedwa kuyambira 2012 pokhapokha pakhale nkhawa, ndipo mwayiwo unathetsedwa mu November 2020. Mwa zimene zinayenderedwa mokwanira mu 2021/22, zoposa 80 pa 100 zilizonse zinatsika giredi. Musafulumire kuloza chala mliri: zambiri zinali zitatha zaka 10 kapena kuposa osaonedwa. Yang'anani kaye deti la lipoti lakale musanaliyerekeze ndi latsopano.