Wilder Girls: ndinagulira mwana wanga, koma ndinayamba kuwerenga ndine

Bukuli ndinaligula ku Kasungu boma, kwa bambo wina amene amayala mabuku akaunjika pansi chakufupi ndi depoti ya mabasi. Ndinkafuna choti mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 aziwerenga pa holide, poti foni inali isakuchoka m'manja mwake. Analitola yekha pamulu. Pachikuto pali nkhope ya mtsikana yooneka ngati yadulidwadulidwa, maluwa akumera m'mipatamo. Ndinati, "Iwe, zimenezi si zaufiti?" Iye amvekere, "Amayi, ndi nkhani chabe." Bamboyo anayambira pa K5,500, tinanenerera mpaka K4,000. Mapepala anali atayamba kufiira m'mbali koma omata bwino, palibe tsamba lothothoka.

Mtima sunandilole kumupatsa ndisanaone zam'kati. Ndinaliwerenga masiku anayi, usiku wokhawokha, kawiri konse ndi tochi ya foni magetsi atazima.

Analemba ndi Rory Power wa ku America, ndipo linatuluka mu 2019. Nkhani ikuchitikira pasukulu ya atsikana yogonera komweko yotchedwa Raxter, pachilumba china kufupi ndi gombe la Maine. Pabuka matenda amene atsikanawo amawatcha Tox. Aphunzitsi afa, kwangotsala mphunzitsi wamkulu ndi wina dzina lake Miss Welch. Atsikana ena afanso, koma amene atsala matendawa awasintha matupi. Hetty, amene akusimba mbali yaikulu ya nkhaniyi, diso lake limodzi linatsekekeratu. Byatt wamera msana wachiwiri. Reese dzanja lake lasanduka la mamba onyezimira ngati siliva. Pamene nkhani ikuyamba n'kuti papita miyezi 18 ali m'mbindikiro, osaloledwa kuchoka pachilumbapo. Asilikali apamadzi amawasiyira chakudya kugombe, ndipo atsikana ochepa osankhidwa ndi amene amatuluka kunja kwa mpanda kukatenga, kudutsa m'nkhalango momwe nazo nyama zasanduka zoopsa.

Zilombozo zinandiopsa ndithu, koma chimene chinandilepheretsa kugona ndi nkhani ya chakudya. Katundu akafika, atsikana amalimbirana mpaka kumenyana, ngakhale amene amagona chipinda chimodzi. Kenako Hetty atasankhidwa kupita nawo kugombe, akuona ndi maso ake kuti chakudya chimabwera chambiri kuposa chimene anzake amalandira, ndipo china chimatayidwa. Pamenepo ndinatseka buku, ndinakhala kaye phee.

Mu 2002, chaka chimene njala inatisautsa kuno ku Kasungu anthu mpaka kudya gaga ndi mizu ya nthochi, ine ndinali Fomu 2 pasukulu ina yogonera komweko. Tinali atsikana atatu ogwirizana, mabedi athu ogundizana. Kamba wochokera kunyumba anasiya kubwera, poti kunyumbako kunalibenso kanthu. Tsiku lina mayi a mnzanga anayenda mtunda wautali kudzamupatsa mtedza wokazinga m'kajumbo kakang'ono. Tinauthira pa chitenje usiku, n'kumagawana njere imodziimodzi, milu itatu, yotsala tinaiswa pakati ndi mano. Mnzathu wina atadwala malungo tinkamubisira phala m'kapu, kapuyo mkati mwa juzi, kuti a matroni asaone. Koma ndi ife omwewo amene tinakhala sabata yathunthu osalankhulana chifukwa cha shuga wa masupuni awiri amene anasowa m'thiranki. Mpaka lero ndimamva manyazi ndikakumbukira mawu amene ndinamulankhula mnzangayo.

Wolemba bukuli akuzidziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndikuliyamikira. Atsikana ake si angelo. Reese ndi waukali, wosafuna kukhudzidwa. Hetty amamukonda Byatt mochita kumuumirira, ngati kuti popanda iye sangapume. Byatt naye ali ndi zake zobisa, si mtsikana wabwinobwino amene Hetty amamuona m'maganizo mwake. Pali nsanje, pali kusungirana chakukhosi. Komabe Byatt atadwala kwambiri n'kutengedwa, kenako osaonekanso, Hetty ndi Reese akudumpha malamulo onse kukamufuna kunja kwa mpanda, akudziwa bwino lomwe kuti mwina sabwerako. Akuluakulu amene anayenera kuwateteza ndi amene akuwanamiza. Mitu imene Byatt akusimba yekha inalembedwa moduladula, mawu ena osamalizika, ngati munthu amene mankhwala amuledzeretsa. Poyamba inandisokoneza, koma nditazolowera ndi imene inandiliza.

Zodandaula zilipo. Mathero ake ndi odukiza kwambiri, moti m'mawa mwake ndinabwerera kwa bambo uja kukafunsa ngati masamba ena anathothoka. Tinawerengera limodzi manambala a masamba, onse analipo. Wolembayo anangotisiya panjira, ndipo ine zimenezo sizinandisangalatse, pambuyo poti ndayenda ndi ana amenewa masamba opitirira 300. Gwero la matendawo nalo analifotokoza mothamanga, chakumapeto, ngati munthu amene basi ikumusiya.

Makolo anzanga mudziwiretu izi. Muli magazi ambiri, zilonda, imfa za ana, ndi mfuti m'manja mwa atsikana. Mwana wa pulayimale musamupatse. Mulinso chikondi chimene chikuphuka pakati pa Hetty ndi Reese, atsikana okhaokha. Si chimene chadzaza bukuli, koma chilimo, ndiye ndi bwino kholo lidziwe lisanagule, liganize lokha za mwana wake. Chingerezi chake si cholimba kwenikweni kwa wa Fomu 3 kapena 4, kupatula mayina a mitengo, zida za asilikali ndi zam'nyanja zimene ife a kumtunda kuno sitizidziwa. Mwana wanga ankangozidumpha ndipo nkhani ankaimva.

Iye analimaliza masiku awiri. Usiku woyamba anabwera ndi mphasa kudzagona m'chipinda mwanga, ati kukutentha kwake, chonsecho munali mu Julayi. Tikusenda mbatata m'mawa ndinamufunsa ngati akanatuluka kunja kwa mpandawo. Anaganiza kaye, mpeni uli m'manja, ndiye anati, "Akanakhala mnzanga uja wa ku Santhe, ndikanapita, amayi. Koma ndikanalira njira yonse." Kenako anandifunsa ngati ine ndinali ndi anzanga otero, ndipo ndinamusimbira za mtedza uja, nkhani imene ndinali ndisanamuuzepo.

Ndikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5, imodzi ndachotsera mathero aja. Sukulu itatsegulidwa analiika m'thiranki pamodzi ndi kamba wake. Labwerako teremu ino chikuto chitamatidwa ndi selotepi, m'kati muli mayina a atsikana asanu ndi mmodzi amene analiwerenga motsatizana, ndipo patsamba lina pali dontho la mafuta a nyemba. Ndinapitanso kudepoti kukafunsa ngati pali lina la wolemba yemweyu. Bambo uja anati mabuku amabwera m'mabelo osasankha, ndizingodutsa Loweruka lililonse.