Jezi ya Redcliffe imene ndinaipeza pa salaula ya ku Kapata

Ndinapita ku msika wa Kapata Loweruka m'mawa kukafunira mdzukulu wanga juzi yofunda, chifukwa chisanu cha mu June chinali chitayamba kuluma. Juziyo sindinaipeze. Ndinabwera kunyumba ndi jezi yofiira ya timu ya rugby ya ku Australia, ndipo chiyambire tsikulo ndabwererako katatu kwa amayi omwewo. Ndaona kuti ndilembeko za sitandi yawo, pakuti ife okonda masewera muno m'Chipata timavutika kupeza jezi yeniyeni. Zatsopano zambiri za m'mashopu n'zopyapyala, kungochapa kawiri nambala yamatuka.

Sitandiyo ili chamkati, mu mzere wa ogulitsa salaula, ndipo mungaipitirire osaiona chifukwa malata ake ndi otsika. Amayiwo amagulitsa zovala za masewera zokhazokha. Sazisiya pamulu ngati anzawo. Akatsegula belo amachapa, kuyanika, kenako kupachika pa chingwe, za mpira wamiyendo mbali yake, za basketball mbali yake, ndipo kumapeto kwenikweni kuli zimene iwo amazitcha "zolemera". Zolemerazo ndiye za rugby. Anandiuza kuti anyamata sazikonda chifukwa sadziwa mabaji ake, amangofuna za Arsenal ndi Chelsea.

Ine ndinakulira ku Luanshya. Atate anachoka ku Katete kukagwira ntchito mu mgodi wa Roan, ndipo kusukulu ndinasewerako rugby ya anthu 15, yotchedwa rugby union, imene mpaka lero ndiyo yodziwika muno m'Zambia. Ya anthu 13, imene amaitcha rugby league, ndinaidziwa nditakula kale, mwana wanga atandiphunzitsa kuonera mipira yakale pa YouTube. Inandikoka mtima chifukwa cha chiyambi chake. Mu 1895 matimu a kumpoto kwa England anakumana mu George Hotel ku Huddersfield n'kupatuka ku bungwe la rugby union. Osewera awo anali anthu a m'migodi ndi m'mafakitale a nsalu, ndipo akasewera Loweruka ankataya malipiro a tsikulo. Matimuwo ankafuna kuwabwezera kandalamako, koma akuluakulu a masewerawo anakana. Mwana wa munthu wa mu mgodi sangamve nkhani imeneyi osakhudzidwa. Ndikukumbukira mmene atate ankawerengera mashifiti awo pakalendala ya kukhitchini, chifukwa tsiku limodzi lojomba linkaonekera pambale.

Tsono nditaona chithunzi cha dolphin, chizindikiro cha timu ya Redcliffe Dolphins, pachifuwa cha jezi yofiira ndi yoyera, ndinaima. Pa mkono panali kabaji kolembedwa Intrust Super Cup. Limeneli linali dzina la wothandiza chikho cha Queensland Cup, cha rugby league ya m'chigawo cha Queensland ku Australia, ndipo kuyambira 2022 akuchitcha Hostplus Cup, choncho ndinadziwa kuti jeziyi ndi ya zaka za m'mbuyomo. Ndinaitembenuza kunja kukhala mkati. Misoko ya m'mapewa ndi yosokedwa kawiri, m'khosi muli tepi yolimbitsa, nsalu yake ndi yokhuthala koma yotanuka, moti mukaikoka ndi manja awiri imabwerera m'malo mwake. Anaisokera munthu amene adzakokedwa ndi kugwetsedwa kwa mphindi 80, pakuti mu masewerawa timu ikagwidwa kasanu ndi kamodzi imapereka mpira kwa anzawo, ndiye kugundana sikutha.

"Amayi, iyi ndi zingati?"

"120 kwacha, atate. Koma inu ndinu oyamba kuifunsa, ndiye tikambirana."

Tinagwirizana 90 kwacha. Sanandikakamize, sanalumbire kuti belo anagula modula. Anangoipinda, n'kuikamo timasokosi ta mwana ngati mbasela, atamva kuti ndinabwerera za mdzukulu.

Chimene chimandichititsa kuikonda jeziyi ndi mbiri ya chikho chake. Mu mzinda wa Brisbane, likulu la Queensland, ligi ya matimu a rugby league inayamba mu 1909, ndipo kwa zaka zambiri inali yamphamvu. Vuto linali ndalama. Matimu a ku Sydney anali olemera, ndipo mnyamata aliyense wodziwa mpira ankatengedwa. Arthur Beetson anatenga chikho cha Brisbane ndi Redcliffe mu 1965, chaka chotsatira anali atapita kale ku Balmain, timu ya ku Sydney. Ndiye munthu woyamba wa mtundu wa Aborigine, eni nthaka a ku Australia, kukhala kaputeni wa timu ya dziko la Australia. Kwa nthawi yaitali osewera ngati iyeyo ankavala jezi ya New South Wales, chigawo chimene kuli Sydney, n'kumagonjetsa kwawo komwe anabadwira, mpaka mu 1980 pamene anayambitsa State of Origin, mpikisano wa Queensland ndi New South Wales, kuti aliyense azisewerera kumene anachokera. Beetson anatsogolera Queensland pa Lang Park, ndipo anapambana 20 kwa 10. Ife a Kum'mawa izi sitifunika kuuzidwa kawiri. Mwana akangoonetsa luso pa David Kaunda Stadium, mawa mumva kuti ali ku Lusaka kapena ku Migodi.

Mu 1988 timu ya Brisbane Broncos inalowa mu ligi ya ku Sydney, ndipo anthu oonera anatsatira kumeneko. Matimu akale a m'madera anatsala ndi mabwalo opanda anthu. Queensland Cup inakhazikitsidwa mu 1996 kuti iphatikize matimu a mu Brisbane ndi a m'matauni akutali monga Toowoomba, Mackay ndi Cairns. Chaka choyambacho Toowoomba Clydesdales inagonjetsa Redcliffe pa masewera omaliza. Redcliffe inabwezera potenga chikho mu 1997, ndipo pofika 2018 inali itachitenga kasanu ndi kamodzi. Kalabu imeneyi, yomwe inayamba mu 1947 m'katauni ka m'mbali mwa nyanja, ndi imene inabala timu ya Dolphins imene inalowa mu NRL, ligi yaikulu ya ku Australia, mu 2023 ikuphunzitsidwa ndi Wayne Bennett. Zonsezi ndinawafotokozera amayiwo tsiku lachiwiri, nditakhala pa kampando kawo. Anamvetsera, kenako anati, "Ndiye kuti ndinakutsitsirani kwambiri, atate." Tinaseka, koma mtengo wa jezi yachiwiri sanaukweze.

Yachiwiriyo ndi imene inabweretsa kadandaulo kanga. Inali ya PNG Hunters, yofiira, yakuda ndi yachikasu, ndipo nditaiona sindinafunse kawiri. Timu imeneyi ndi ya ku Papua New Guinea, dziko limene rugby league ndiwo masewera a fuko lonse. Inalowa mu Queensland Cup mu 2014, ndipo mu 2017 inakhala timu yoyamba ya kunja kwa Australia kutenga chikhocho. Masewera omalizawo ndawaonera kambirimbiri. Sunshine Coast Falcons inali patsogolo 10 kwa 0, a Hunters anabwerera pang'onopang'ono, ndipo kutatsala kanthawi kochepa kwambiri Willie Minoga anagwera pa mpira kuseri kwa mzere. Ase Boas anamenya pakati pa mitengo, zinathera 12 kwa 10. Ndikaona anyamata amenewo akulira pa bwalo la ku Brisbane, ndimakumbukira zimene tinamva mu 2012 Chipolopolo itatenga chikho cha Africa ku Libreville.

Nditafika kunyumba n'kuivala, mkazi wanga anaona kuti m'khwapa mwakumanzere msoko unali wosomphoka, malo okwana zala zitatu, ndipo nambala ya kumsana inali itayamba kuunyuka m'mphepete. Mu sitandimo ndi mwamdima, ndipo palibe poyezera chovala, mumangochiika pachifuwa n'kuyerekeza. Komabe munthu amene amachapa ndi kupachika jezi iliyonse ndi manja ake sangalephere kuona bowo lotere, ndipo akanandiuza ndikanagulabe. Zinandiwawa. Lolemba ndinabwerera. Pa salaula palibe kubweza katundu, tonse timadziwa, ndipo iwonso ananena zomwezo. Koma anapepesa, anaitenga jeziyo n'kupita nayo okha kwa telala wa mzere wachiwiri, n'kulipira okha. Telalayo anasoka kawiri ndi ulusi wakuda, moti pano simungadziwe pamene panang'ambika. Nambala ija ndinaikonza ndekha, poika kansalu pamwamba n'kudinda ndi simbi yotentha pang'ono.

China choti mudziwe musanapite n'chakuti amayiwo sasiyanitsa jezi za union ndi za league, zonse ndi zolemera basi. Mupeza ya All Blacks, omwe ndi a union, itapachikidwa pamodzi ndi ya Wigan kapena ya Maroons, omwe ndi a league. Masaizi ambiri ndi aakulu, chifukwa eni ake oyamba anali anthu a matupi, choncho wochepa thupi adzasankha nthawi yaitali. Amalandira ndalama yapamanja komanso ya pafoni. Masiku a mvula njira yolowera mu mzerewo imakhala matope okhaokha, valani nsapato zoyenera.

Ya Redcliffe ija ndaivala nyengo yonse yozizira, ndapalasa nayo njinga mpaka ku Mwami ndi kubwerako, yachapidwa ndi sopo wa mtanda kosawerengeka, koma kufiira kwake sikunasuluke ndipo m'khosi simunatambasuke. Mdzukulu wanga, yemwe ali ndi zaka 9, tsopano amadziwa kuti try, kugwetsa mpira kuseri kwa mzere, ndi mapointi 4, kumenya pakati pa mitengo ndi 2, ndipo akufuna yake. Amayiwo anandiuza kuti belo lina atsegula Lachisanu kum'mawa, ndipo ndawapempha kuti akaona kalikonse kakang'ono ka zolemera aike pambali. Anandilonjeza kuti nthawi ino tidzaiyang'ana limodzi panja, padzuwa, m'khwapa momwe.