Shure SM7B mu ka situdiyo kanga ku Dzivarasekwa, miyezi inayi tsopano

Amwene amene mumajambula rap kunyumba kuno ku Harare, makamaka okhala kumakomboni ngati ine, ndati ndikuuzeniko za maiki yomwe ndagula chifukwa ndinavutika nthawi yayitali ndisanadziwe kuti vuto langa lagona pati.

Ka situdiyo kanga ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya amalume, makoma a simenti opanda kanthu, zenera loyang'ana kumsewu komwe makombi amayamba kuliza mahutala kusanache. Kwa zaka ziwiri ndimagwiritsa ntchito maiki ya condenser yotchipa, mtundu uja aliyense amakuuza kuti ndiye wa ku situdiyo. Mawu imagwira bwino inde, koma imagwiranso china chilichonse, tambala wa aneba, jenereta ya pashopu magetsi akapita, ana osewera mpira panja, Zimdancehall ya kuseri kwa mpanda, ndiye ukafika pa mix n'kuika compressor, chida chofananiza mawu okwera ndi otsika, zonsezo zimakwera limodzi ndi mawu ako. Ndimadikira mpaka 1 koloko usiku kuti kunja kuti zii, koma nthawi imeneyo sungakuwe vesi ndi mtima wonse anthu ali mtulo mnyumba, ndipo rap yonong'ona imamveka kuti ndi yonong'ona basi.

SM7B anandigulira m'bale wanga wa ku Johannesburg ndi ndalama zomwe ndimasunga pang'onopang'ono, inabwera pa basi yodzera ku Beitbridge ndinakailandira pa siteshoni ya mabasi ya Roadport. Siyotchipa ayi, nthawi yomwe ndimagula ku America komweko imayenda pafupifupi madola 400 ndiye kufika nayo kuno imapitirira pamenepo.

Iyi ndi dynamic, mkati muli ka koyilo kamene kamagwedezeka ndi mawu, ndiye siifuna phantom power ya 48V ija, moto umene condenser imafuna kuti igwire ntchito. Chinsinsi chake n'chakuti umarapa pafupi kwambiri, milomo pafupifupi kukhudza siponji, mawu ako amalowa ndi mphamvu kuposa phokoso la mchipinda. Komanso ndi cardioid, imamva kutsogolo, kumbuyo kwake imamva pang'ono zedi. Ndinangoitembenuza kuti kumbuyo kwake kuloze kuzenera. Tsiku loyamba ndinajambula Loweruka masana dzuwa lili paliwombo, ndinamvera take ija pa mahedifoni kawiri katatu kufunafuna hutala wa kombi, alimo koma kutali kwambiri moti biti ikalowa watheratu. Ndinakhala kaye pampando osanena kanthu, zaka ziwiri ndikuganiza kuti mawu anga ndi amene ali oyipa.

Chinanso chimene azungu opanga ma review pa YouTube sangakuuzeni ndi ichi, Chichewa chathu chili ndi mpweya wambiri. Ph, th, kh, mph. Yesani kunena mphepo, phokoso, mphamvu, thukuta motsatizana mothamanga dzanja lili pakamwa mumva kuti mpweya ukumenya bwanji. Pa maiki yakale ija mawu amenewa amaphulika ngakhale pali pop filter, ka sefa kotchinga mpweya patsogolo pa maiki, ndimataya maola kudula limodzilimodzi mu pulogalamu yojambulira ya FL Studio. Mubokosi la SM7B mumabwera masiponji awiri, yowonda ndi yonenepa, ine ndinavalika yonenepa ija ndipo vuto linachepa kwambiri. Kwa ine izi zokha zinandikwanira.

Kumbuyo kuli maswitchi awiri, ina yodula bass ina yokweza mawu apakati kuti amveke patsogolo. Ukayandikira kwambiri maiki ya mtundu uwu bass imachuluka, ndiye kwa ine wa mawu akulu ndimadula. Pali mfana wina wa ku Mufakose amabwera kudzarapa m'Chishona, amathamanga heavy, kwa iyeyo ndimayatsa inayo kuti liwu lililonse lituluke.

Koma mverani apa musanapereke ndalama. Maikiyi imatulutsa mawu otsika kwambiri, eni ake a Shure amalangiza gain, mphamvu yokwezera mawu a maiki, ya 60 dB. Ka interface kanga kakale, ka bokosi kolumikiza maiki ku laputopu, sikamafika, ndikapotokola mpaka kumapeto kumangobwera ka shiiii pansi pa mawu. Ndinagula Focusrite Scarlett 2i2 ya 4th gen, yomwe inatuluka mu 2023, imafika 69 dB ndipo ikuyendetsa maikiyi bhobho popanda chowonjezera. Ya 3rd gen imathera pa 56 dB, ngati muli ndi imeneyo ndipo mumarapa motsitsa mwina mudzafuna Cloudlifter, ka bokosi kowonjezera mpaka 25 dB kamene kamadya phantom power. Kulinso SM7dB yomwe preamp yokwezera mawu ili mkati momwemo. Werengerani zonsezi mu bajeti, anthu ambiri amagula maiki yokha kenako n'kumati ndi yofooka.

Scarlett imadya moto wa USB kuchokera pa laputopu, ndiye magetsi akapita ntchito siyima bola batire lilipo, kuno ku Harare zimenezi si zazing'ono.

Ndi yolemera, magalamu oposa 700, sitandi yofewa imagwada nayo. Ndipo mafeki alipo ambiri, munthu akakuuzani kuti ya orijino yatsopano pa madola 100 ingochokanipo.

Pamene sindinakhutire kwenikweni ndi pa oyimba. Mlongo wanga amayimba kwaya, akabwera kudzaika chorus mawu ake apamwamba aja samawala ngati pa condenser, amamveka ngati aphimbidwa pang'ono mpaka nditakweza ndi EQ. Ndiye condenser sindinagulitse, ma chorus timajambulabe nayo usiku mabulangeti atapachikidwa mbali zonse. Ndipo musaganize kuti SM7B ikonza chipinda chonse, makoma a simenti amabwezabe mawu, ine ndimaimika matilesi kumbuyo kwa worapa chifukwa ndi komwe maiki ikuloza. Matileyi a mazira omwe anthu amamata m'makoma aja, ndinayesapo, palibe chomwe amathandiza cholozeka.

Ngati muli ndi chipinda chokonzedwa bwino kumayadi kopanda phokoso, condenser yabwino ikupatsani zambiri. Koma ngati mukujambulira ku Dzivarasekwa, Mbare, Highfield kapena Epworth mpanda umodzi ndi aneba, ine ndikuti sungani ndalama mugule iyi ndi interface yoti iikwanitse. Mfana wa ku Mufakose uja akubweranso Loweruka, tapangana 2 koloko masana.