Kupanga vidiyo ya gemu: OBS kapena ShadowPlay pojambula, CapCut kapena DaVinci Resolve podula?

Munthu akafuna kusonkhanitsa zigoli zake za mu EA FC, kapena kusanja momwe anagwetsera adani mu Call of Duty kuti zigwere pa kugunda kwa nyimbo, amathamangira kufunsa kuti adulire pa pulogalamu iti. Funso limeneli ndi lachiwiri. Vidiyo ya gemu imadutsa m'mapulogalamu awiri, yojambulira ndi yodulira, ndipo mavuto ambiri amene anthu amanyozera nawo yodulira amakhala atayambira pojambula. Ndiye tiyambe ndi zojambulira.

Xbox Game Bar imabwera kale mu Windows 10 ndi 11. Win+Alt+R ikuyamba kujambula, basi. Ndi yokwanira ngati mukungofuna kutumizira mnzanu kachidutswa pa WhatsApp, ndipo sindiionera ntchito ina kuposa pamenepo.

Mpikisano weniweni uli pakati pa ShadowPlay ya NVIDIA ndi OBS Studio. ShadowPlay, yomwe kuyambira mu Novembala 2024 ili mkati mwa NVIDIA App, ndi yokoma kugwiritsa ntchito, tisanamizane. Siilemetsa gemu kwenikweni, ndipo mukayatsa Instant Replay imasunga mwakachetechete mphindi zapitazo mpaka 20. Mukachita chozizwitsa mumangodina Alt+F10. Amene ali ndi khadi la zithunzi (graphics card) la AMD ali ndi yofanana nayo mu pulogalamu ya Adrenalin. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandiletsa kuilimbikitsa kwa munthu amene akufuna kudula vidiyo mwaluso.

Gemu siyenda liwiro limodzi. Pamalo pa phee ikhoza kutulutsa mafuremu (zithunzi zotsatizana zimene zimapanga vidiyo) 90 pa sekondi, bomba likaphulika n'kutsikira ku 40. ShadowPlay, Game Bar, ndiponso zojambulira sikirini za m'mafoni, zimasunga mafuremu motalikirana mosiyanasiyana monga momwe afikira, zomwe amati variable frame rate, mwachidule VFR. Mukaonera fayiloyo pa VLC simuona vuto lililonse, chifukwa VLC imatsata nthawi imene inalembedwa pa furemu iliyonse. Pulogalamu yodulira ndi ina: iyo imayala mafuremu pamzere wa mipata yofanana. Mawu nawo amayenda liwiro lawo losasintha. Chotsatira chake, kumayambiriro kwa vidiyo zonse zimagwirizana, koma mukafika chapakati mfuti ikulira munthu atagwa kale, kapena wolengeza mpira akufuula chigoli mpira usanachoke kuphazi. Kukoka mawu pang'ono kuti agwirizane sikuthandiza, chifukwa kusiyanako sikofanana: mukakonza apa, pasokonekera patsogolo. Kwa munthu amene akulumikiza kuwombera kulikonse ndi ng'oma ya nyimbo, kusiyana kwa mafuremu atatu okha kumamveka kale m'khutu. Mapulogalamu odulira atsopano amayesa kuthana nazo okha, nthawi zina n'kupambana, koma fayilo ikatalika vutoli limabwerera.

Kuti mudziwe ngati fayilo yanu ili ndi matendawa, itsegulireni mu MediaInfo, pulogalamu yaulere, muyang'ane pomwe palembedwa Frame rate mode. Pakalembedwa Variable, musanadule chilichonse ipititseni mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mafayilo a vidiyo: pa Video ikani Framerate pa 60, sankhani Constant Framerate, RF (muyezo wa kuyera kwa chithunzi) muike pa 18. Muonenso pa Audio, chifukwa HandBrake imakonda kutenga mzere umodzi wa mawu n'kusiya wa maikolofoni. Njirayi imagwira, koma imadya nthawi, imadya malo pa disiki kawiri, ndipo chithunzi chimatsikako pang'ono popeza vidiyo yafinyidwanso kachiwiri.

OBS Studio imapewa zonsezi chifukwa imalemba mafuremu ofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi yaulere kuyambira pomwe inayamba mu 2012, siika chizindikiro pa vidiyo, ndipo sisankha khadi. Chovuta chake ndi tsiku loyamba, chifukwa muyenera kuitchera nokha. Pa Settings, Video, ikani 1920x1080 ndi 60. Pa Output sinthani kukhala Advanced, encoder (yofinyira vidiyo) musankhe ya khadi lanu (NVENC, AMD kapena QuickSync), osati x264, yomwe pa kompyuta yofooka imalimbirana purosesa ndi gemu mpaka kukuuzani kuti Encoding overloaded. Rate Control ikani CQP, nambala pakati pa 18 ndi 20. Nambala ikachepa chithunzi chimayera koma fayilo imakula. Gemuyo muitsekere pa mafuremu 60 kuti khadi litsale ndi mpweya wojambulira. Gawani mawu m'mizere: gemu pa wake, maikolofoni pa wake, Discord (yochezera ndi anzanu) pa wake. Tsiku lina mnzanu akadzatukwana pa chigoli chanu chabwino kwambiri, mudzangochotsa mzere wake. Replay Buffer imachita zomwe Instant Replay imachita, kungoti imasunga mu RAM. Pa laputopu ya makadi awiri Game Capture ikhoza kuonetsa mdima wokhawokha. Uzani Windows kuti OBS iyende pa khadi lomwelo limene gemu ikuyendera.

Kwa ife a kuno kumene magetsi amathima osatsanzika, pali chifukwa chinanso. Fayilo ya MP4 wamba imalemba ndondomeko ya mafuremu ake pamapeto, mukadina Stop. Magetsi akathima musanadine, fayilo ilipo, kukula kwake kukuoneka, koma sitseguka. Jambulani mu MKV, yomwe imasunga zonse mpaka pafupi ndi pomwe kompyuta inazimira, kenako pa File mudine Remux Recordings kuti ikhale MP4. Zimenezi zimatha m'masekondi chifukwa vidiyo siifinyidwanso. OBS 30.2 inabweretsanso Hybrid MP4 yomwe ili ndi chitetezo chofanana.

A PlayStation 5 alibe zambiri zosankha, koma pali misampha ingapo. Batani la Create limatha kusunga mpaka ola limodzi lapitalo, ndipo fayilo ikhoza kukhala WebM kapena MP4. Sankhani MP4, chifukwa WebM imavuta m'mapulogalamu ena odulira. Zimitsaninso HDR musanajambule, apo ayi mitundu imaoneka yotuwa mukafika nayo pa kompyuta. Mukafuna kudutsira pa capture card, kachipangizo kojambulira gemu ya PlayStation pa kompyuta, zimitsani HDCP, loko yoletsa kukopera zithunzi.

Tsopano zodulira. CapCut, ya kampani ya ByteDance imene ilinso ndi TikTok, ndi imene ambiri amayambira, ndipo m'pomveka. Imayenda pa foni ya Android yapakatikati, imazindikira yokha kugunda kwa nyimbo n'kuika timadontho, ndipo ma curve ake osinthira liwiro ndi osavuta kuposa kwina kulikonse. Wosewera Free Fire kapena eFootball pa foni amajambula, kudula ndi kuponya pa TikTok osakhudza kompyuta. Kachidutswa ka chizindikiro chake kumapeto kamachotsedwa ndi chala chimodzi, si nkhani.

Nkhani ndi nthawi imene CapCut imakuuzani mtengo. Zinthu za Pro zili pakati pa zaulere, ndi kachizindikiro kakang'ono kamene pa sikirini ya foni munthu sakaona. Imakulolani kuziika, kuziona zikugwira, kumanga vidiyo yonse pamwamba pake. Mukadina Export m'pamene imatulutsa mndandanda: lipirani kapena chotsani izi. Zili ngati telala amene wakusokerani suti yonse, mwaiyesa yakukwanani, kenako akuti mabatani ndi zipi n'zobwereka pamwezi. Kuchotsa sikophweka, chifukwa transition ikachoka nthawi ya zidutswa imasuntha, ndipo zonse zimene munalumikiza ndi nyimbo muyambirenso. Choipa china n'chakuti mzere wa zaulere ndi zolipira sukhala malo amodzi. Zinthu zimene anthu ankagwiritsa ntchito mwaulere zakhala zikusamukira ku Pro, moti pulojekiti yakale ikhoza kukupemphani ndalama mukaitsegulanso. Kulipirako ndi kwa pamwezi kapena pachaka, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira zakunja ndi khadi la banki ya ku Malawi m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja akudziwa kuti kukhala ndi makwacha mu akaunti sikutanthauza kuti malipiro adutsa. Simungathenso kunyamula pulojekiti ya CapCut kukaitsirizira mu pulogalamu ina. Ngati mwasankha CapCut, yesani Export mukangoika effect iliyonse yatsopano, musadikire kumapeto.

Adobe Premiere Pro ndi yamphamvu, koma msampha wake uli pa pangano: dongosolo la pachaka lolipira mwezi ndi mwezi, mukalisiya patadutsa masiku 14, amakudulani theka la ndalama za miyezi yotsala. Mu Juni 2024 boma la America linasumira Adobe pa nkhani yomweyi. Kwa vidiyo ya zigoli, sindikuona chifukwa chodzimangirira chotero.

DaVinci Resolve ya Blackmagic Design, kampani ya ku Australia, ndi imene ndimaikira kumbuyo. Yaulere imatulutsa vidiyo mpaka 3840x2160 pa mafuremu 60 popanda chizindikiro. Nayonso ili ndi zolipira, monga Speed Warp ndi kuchotsa phokoso la m'chithunzi, koma imakuchenjezani nthawi yomweyo mukangozikhudza, ndipo Studio imagulidwa kamodzi pa $295. Zofuna zake ndi zolemera: RAM ya 16 GB, khadi lojambula lenileni, ndiponso kuitsitsa kokha kumadya magigabaiti angapo a bandulo. Pa laputopu ya 8 GB yopanda khadi lapadera mudzangokhalira kuyang'ana chithunzi chikudumphadumpha, ngakhale ma proxy (makope opepuka a vidiyo odulirapo) amathandizako. Pa Linux yaulereyo siwerenga H.264, mtundu wofala wofinyira vidiyo, ndiye iwalani.

Resolve ili ndi msampha umodzi umene umagwira pafupifupi aliyense woyamba. Pulojekiti yatsopano imayamba pa mafuremu 24. Mukaponyamo vidiyo yoyamba imafunsa ngati isinthe frame rate, dinani Change. Mukakana, malo osinthira mu Project Settings amatsekeka, ndipo vidiyo yanu ya 60 ikakamizidwa kulowa mu 24. Popeza 60 sigawika bwino ndi 24, kamera ikamatembenuka chithunzi chimanjenjemera. Kukonza kwake ndi kupanga timeline (mzere woyalapo zidutswa) yatsopano yokhala ndi makonzedwe akeake n'kukoperamo zidutswa, kenako kuonanso malo onse odulira.

Pa kuchedwetsa chithunzi, komwe ndi mtima wa vidiyo zamtunduwu, masamu ake ndi awa: vidiyo ya 60 pa timeline ya 30 imatsika mpaka theka la liwiro popanda kupeka furemu ngakhale imodzi. Pa timeline ya 60, kutsika kulikonse kumafuna mafuremu opeka, ndipo apa Optical Flow ya Resolve, yopeka mafuremuwo, yomwe ili mu yaulere, imachita bwino. Koma imasokonezeka ndi zinthu zosasuntha za pa sikirini, monga mapu a pakona ndi nambala ya zipolopolo, zimene zimapindika ngati zikusungunuka. Zimitsani zimenezi, zomwe amati HUD, musanajambule ngati gemu ikulola. Magemu amene ali ndi replay, monga Fortnite, kapena GTA V ya pa kompyuta ndi Rockstar Editor yake, amakulolani kubwerera pa chochitikacho ndi kamera yomasuka, ndipo ndiko kumachokera zithunzi zimene anthu amafunsa kuti munajambula bwanji.

Kompyuta ikakhala yofooka, Kdenlive kapena Shotcut. Zonse ndi zaulere kotheratu, n'zopepuka kutsitsa, ndipo zikaona fayilo ya VFR zimakufunsani ngati ziisinthe kaye, ulemu umene mapulogalamu okwera mtengo sakupatsani. Ma effect ake ndi ochepa ndipo Kdenlive imatha kudzitsekera mwadzidzidzi, ndiye sungani pafupipafupi. Chigamulo changa ndi ichi: OBS ndi Resolve kwa amene makina awo angakwanitse, OBS ndi Kdenlive kwa otsalawo, CapCut kwa vidiyo zazifupi za pa foni basi.

Palibe pulogalamu mwa zonsezi imene ingakutetezeni ku Content ID ya YouTube, njira imene imazindikira nyimbo za eni ake mu vidiyo. Nyimbo ya m'nkhokwe ya CapCut imene yadutsa pa TikTok ikhoza kugwidwa pa YouTube, chifukwa chilolezo cha uku si cha uko. Nyimbo za pa wailesi ya mu GTA V ndi za m'mamenyu a EA FC ndi za oimba enieni, ndiye zizimitseni mu gemu momwemo musanajambule. Zikalowa mu mzere umodzi ndi phokoso la injini kapena la anthu a m'bwalo, kuzisiyanitsa n'kovuta. Ponyani vidiyo ngati Unlisted kaye, mudikire Checks imalize, kenako muitsegulire anthu.

Pomaliza kudula, musatulutse fayilo yolemera ngati imene munajambula. Kujambula pa 40 Mbps kumadya 300 MB pa mphindi, 18 GB pa ola, ndipo zimenezo ndi za pa disiki yanu. Pokweza, YouTube imalangiza 12 Mbps kwa 1080p ya mafuremu 60, kutanthauza kuti vidiyo ya mphindi zitatu imakhala pafupifupi 270 MB. Magemu a udzu wambiri, utsi ndi kamera yothamanga amasweka timabokosi pa mlingo umenewo, ndiye kwerani ku 16 kapena 20 Mbps ngati bandulo ikulola. Pa 20 mphindi zitatu zomwezo ndi 450 MB. Ya WhatsApp Status tulutsani ina payokha ya 720p pa mafuremu 30, chifukwa WhatsApp idzaifinyabe ngakhale muitumizire yoyera chotani.